Nambala ya kutsogolo inagwa m'matope, kukadinditsa ina akuti galimoto si yanga

Bambo a Tadala, Chitakale:
Abale anga muli bwanji nonse. Pepani ndilemba zambiri koma ndasowa mtengo wogwira. Ndili ndi kapikapu kanga kamene ndimatengera nanazi ndi mapeyala kupita nazo ku Limbe, ena mwa inu mumakadziwa. Ndinakagula zaka zitatu zapitazo kwa bambo wina amene ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, tinalemberana kalata pamaso pa mboni ziwiri, ndalama ndinapereka yonse, anandipatsa makiyi ndi mapepala onse. Zosintha dzina tinati tidzapanga mwezi ukatha, mwezi unatha, chaka chinatha, iwo anapuma ntchito nkubwerera kwawo ndipo nambala ya foni yawo sikugwiranso.

Nde sabata yatha mvula ija ndikuchokera kokapikula, ndinatitimira pamatope penapake kufupi ndi Thuchila, anyamata anandikoka ndi chingwe, pofika kunyumba ndikuona nambala ya kutsogolo kulibe, kwangotsala zibowo ziwiri za mabawuti. Mmawa mwake ndinabwerera ndi khasu ine ndi mwana wanga, tafukula matope onse aja mpaka masana osaipeza. Ndapita mtauni kwa odinda ma nambala, akuti tione pepala la galimoto ndi chiphaso chanu, kuona maina akusiyana, andibwezera. COF nayo, pepala lija losonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Galimoto yangoima pakhomo, nanazi zikupsa kumunda kwa anthu amene ndinawalipira kale. Amene munadutsamo mu zimenezi ndithandizeni, ndiyambire pati?

Alamu a ku Luchenza:
Pepani alamu. Choyamba pitani ku polisi mukanene kuti nambala yatayika akupatseni lipoti, osachedwa nazo. Nambala ikatoledwa ndi munthu wolakwika nkuiika pa galimoto ina kukapalamulira, adzafunsa inu amene mukuyendetsa galimotoyo.

Bambo a Tadala, Chitakale:
Lipoti ndatenga kale alamu, Lachiwiri. Koma nalonso lalembedwa kuti galimoto ya uje, woyendetsa uje.

Makanika wa pa Nkando:
Madala vuto lanu si nambala ayi, nambala ndi kachitsulo chabe, vuto ndi dzina. Ine pa galaja panga pano magalimoto ambiri amene ndimakonza ali choncho, mwini wake ndi wina, pa pepala ndi wina, enanso mpaka adutsa mmanja mwa anthu anayi koma pepala likadali la amene anaitanitsa ku Japan. Kale zinkatheka chifukwa inali nkhani ya blue book, amene wagwira bukulo ndi kalata yogulitsirana ndiye mwini wake, zinkayenda. Chibwerereni MalTIS, dongosolo la pa kompyuta la a Road Traffic, mu 2015 zinasintha, munthu aliyense amayamba walembetsa yekha, kujambulidwa, kudinda zala, nkupatsidwa kakhadi kaja ka traffic register, ndipo galimoto imamangiriridwa ku munthu ameneyo mu kompyuta. Posintha umwini wogulitsa amayenera kuonekera atsimikize ndi chala chake kuti wagulitsadi. Nde kalata yanu ya mboni ziwiriyo ndi yabwino, muisunge bwino, koma payokha kompyuta siyiwerenga. Asakeni bambowo basi.

Dalaivala wa Sienta, Bvumbwe:
Man osavutika, pali anyamata panja pa mpanda wa Road Traffic paja amapanga zonsezi tsiku limodzi, mungowapatsa ya fanta. Ndikupatseni nambala ku inbox?

Make Chisomo, Thyolo boma:
Ayi ayi ayi achimwene musayerekeze. Madobadoba amenewo anandiliza ine. Bambo a kunyumba atamwalira anasiya minibasi, ine osadziwa kalikonse za magalimoto, maliro atangotha kumene mutu usanakhazikike. Mnyamata wina anandipeza pa geti, wovala bwino, fayilo kukhwapa, akuti mayi musavutike ndine wa momwemo. Ndinamupatsa mapepala ndi ndalama imene ndinagulitsa mbuzi ziwiri. Anandikhazika pansi pa mtengo kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka, ine ndi mwana kumsana osadya kanthu, foni yake kuzima. Ndalama sindidandaula kwambiri, koma anapita ndi mapepala enieni a galimoto, zinanditengera miyezi kuti ndipezenso ena. Chilichonse lipirani pamene pakutuluka lisiti lokhala ndi dzina lanu, ndipo pepala la orijino lisachoke mmanja mwanu.

Dalaivala wa Sienta, Bvumbwe:
Pepani mayi, sindimadziwa kuti zinakuchitikirani. Koma nanunso mvetsani chimene chimatipititsa kwa anyamatawo. Ine galimoto si yanga, abwana amafuna ndalama yawo ya tsiku madzulo aliwonse kaya ndayenda kaya sindinayende. Ndikapita kukaima pa mzere tsiku lonse nkuuzidwa kuti netiweki yavuta mubwere mawa, masiku awiri amenewo ndani andilipirire? Sikuti timakonda zachidule ayi.

Aphunzitsi opuma, Makwasa:
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndiyankhule mbali ziwiri. Mwana wanga wa Sienta akunena zoona pa nkhani ya mtunda. Ife a kuno zonse za galimoto timakapangira ku Blantyre. Munthu wa ku Muloza kapena kuno ku Makwasa kapena kumtunda kwa Thekerani adzuke usiku, athire mafuta opita ndi obwerera, pamene mafutawo nthawi zina uyambe wagona nawo pa mzere ku filling station, akafike, apeze anthu a mtauni anaima kale. Chikalakwika chimodzi, kaya fotokope yasowa kaya nyali imodzi siyikuyaka, ulendo wonse wapita pachabe. Lamulo ndi limodzi dziko lonse koma kulemera kwake sikofanana, wa ku Chitawira amatha kupita kawiri pa tsiku, ife ulendo umodzi ndi bajeti ya mwezi. Chimene ine ndimapempha nthawi zonse ndi chakuti a Road Traffic azibwera ndi makina awo pa boma, ngakhale kamodzi pa mwezi, tsiku lodziwika, Mulanje sabata ino Thyolo sabata inayo Phalombe inayo. A NRB anatha kufika mmidzi monse mu 2017 kujambula anthu ziphaso za unzika, nde zida zoyenda nazo zilipo pa dziko pano.

Koma mbali inayi, chala chija ine ndimachiyamikira. Masiku a blue book galimoto zobedwa zinkasinthidwa maina mosavuta, munthu kungolemba kalata yabodza ndi siginecha yonamizira. Ana amasiye ambiri analandidwa galimoto za makolo awo ndi achibale mwanjira imeneyo, ine ndaphunzitsa ana otero. Pano kuti ulande galimoto ya munthu pa pepala si zapafupi. Nde tisatukwane lamulo lonse chifukwa latipweteka lero.

Bambo a Tadala, Chitakale:
Aphunzitsi mwanena zoona, ine sindikukana lamulo, kulakwa ndi kwanga ndinazengereza. Kungoti nthawi imeneyo ndinaona ngati ndalama yosinthira dzina ndi ulendo wa anthu awiri ku Blantyre bola ndigulire matayala. Funso langa ndi lakuti ngati bambowo sindiwapeza, kapena Mulungu asatero anatisiya, ndiye kuti galimoto yanga yathera pomwepa?

Make Chisomo, Thyolo boma:
Siyinathe achimwene koma njira yake ndi yaitali. Ine ndinayenda choncho. Pamafunika kalata ya imfa, kenako makalata osonyeza amene akuyendetsa chuma cha masiye, ine ndinayambira kwa DC ndipo anandilongosolera kopita mpaka ku khoti. Amene walembedwa mmakalatamo ndi amene amaimira malemu posintha dzina. Kwa ine zinali zophwekerapo poti ndinali mkazi wake, inu zingavute chifukwa mukuyenera kudalira achibale a malemu avomere kuti bambo awo anagulitsadi, ndipo mukudziwa mmene anthu amasinthira akamva kuti pali galimoto. Mpamene kalata yanu ija ndi mboni ziwiri zija zidzagwire ntchito. Mbonizo zilipo?

Bambo a Tadala, Chitakale:
Mmodzi alipo ndi mkulu wa mpingo kwathu, winayo anapita ku Joni.

Achemwali a ku Limbe (kwathu ku Chonde):
Ndilankhuleko ngati wogulitsa, poti nonse mukuona ngati wovutika ndi wogula yekha. Ine ndinagulitsa kagalimoto kanga kwa mnyamata wina wooneka waulemu, naye anati tisintha dzina sabata ya mawa anti. Sanabwerenso. Patatha chaka ndi miyezi ndikulandira foni kuti galimoto yanu yagunda munthu wa njinga ndipo dalaivala wathawa, mubwere. Ine miyendo kuzizira, ndili ku ntchito, galimoto ndinaiwala ndi mtundu wake womwe. Kunapezeka kuti mnyamata uja anagulitsanso kwa wina, winayo nkuisandutsa takisi, inshulansi inatha kalekale. Chinandipulumutsa ndi kalata yogulitsirana imene mayi anga anaisunga mu Baibulo ndi mameseji a mu foni, koma ndinayenda maulendo angapo ndipo tulo sindinkagona poganiza munthu wovulalayo, anali bambo wa ana. Nde bambo a Tadala mukawapeza bambowo musaope kuti akana kapena akuuzani muwonjezere ndalama, muwafotokozere kuti dzina lawo ndi limene lili pa ngozi tsiku lililonse limene inu muli pamsewu. Munthu wanzeru adzuka yekha.

Makanika wa pa Nkando:
Apo mwalasa achemwali. Ndi inshulansi yomwe madala muyang'ane kuti inalembedwa dzina la ndani. Anthu amangodula third party kuti disiki ioneke pa galasi apolisi asavute, koma tsiku la ngozi mpamene mafunso a maina amayamba.

Ndipo poti COF ikutha, musadikire kuti dzina lisinthe kaye kenako muziyamba kukonza galimoto. Bweretsani ndiione kapena pitani kwa makanika aliyense amene mumamukhulupirira. Zimene zimagwetsa ma pikapu a kuno ndi zomwezomwezi, mabuleki kugwira mbali imodzi, handibuleki yosagwira, ma ball joint ndi ma tie rod otha chifukwa cha misewu ya mmaesiteti ndi ya kumapiri, matayala osalala, nyali za buleki, galasi losweka, ma reflector. Ndiponso nambala ya chasisi, pa galimoto zoyenda mmatope ngati yanuyo imadyeka ndi dzimbiri mpaka osawerengeka, muitsuke ndi bulashi ya waya pang'onopang'ono muone ngati ikufanana ndi ya pa pepala. Musalole munthu aikhomenso ndi nyundo kapena kuwotcherera pamenepo, mukatero galimoto imaoneka ngati yobedwa ndipo mlandu wake ndi wina.

Chimene sindipanga ine ndi kubwereketsa matayala oti munthu akadutsire COF nkudzabweza madzulo. Anthu amandipempha ndimakana ndipo ena anasiya kubwera pa galaja panga. Koma tsikirani chitunda chilichonse cha ku Thyolo ndi matani a nthochi kumbuyo pa matayala osalala mvula ikugwa, pepala la pa galasi silikugwirirani buleki.

Wa kabaza, Limbuli:
Mabwana inu bola muli ndi mapepala oti nkusintha dzina. Ife njinga zamoto zambiri kuno tinagula kutsidya ku Milange, ulibe pepala lililonse koma kalisiti ka sitolo ka Chipwitikizi. Akuti kuti ulembetse uyambe walipira msonkho ku MRA, kenako kulembetsa, nambala, inshulansi, COF, laisensi ya A1 ukaphunzire ku sukulu yoyendetsa, zipewa ziwiri. Ukawonkhetsa zonse ndalama yake ikuyandikira ya njinga ina. Ine ndimafunitsitsa nditakhala ndi nambala, ndatopa kuthawira mmunda mwa tiyi ndi kasitomala kumbuyo ndikaona oyera zipewa kutsogolo, tsiku lina ndinagwa naye mayi woyembekezera, Mulungu yekha anatiteteza. Komanso njinga yopanda nambala ikabedwa basi yapita, ukanena chani ku polisi, anzathu angapo alandidwa usiku ndipo palibe yapezeka.

Aphunzitsi opuma, Makwasa:
Mwana wanga wa ku Limbuli, mawu ako andikhudza. Muli ndi bungwe lanu pa siteji? Ngati lilipo, lembani maina a onse ofuna kulembetsa, muyambe kusonkha pang'onopang'ono ngati banki mkhonde, njinga imodzi imodzi izilembetsedwa mwa kasinthasintha. Ndipo mukakhala gulu la anthu ambiri ndi mndandanda mmanja, mukhoza kupita kwa khansala ndi kwa DC kukapempha kuti olembetsa abwere konkuno, pempho la gulu limamveka kusiyana ndi la munthu mmodzi. Koma zothawira mu tiyi ndi mayi woyembekezera usadzachitenso, bola akulande njinga.

Wa kabaza, Limbuli:
Bungwe lilipo aphunzitsi koma timangosonkha za maliro ndi za chipatala. Ndikawauza Loweruka pa msonkhano. Zothawazo ndinasiya kuchokera tsiku limenelo.

Dalaivala wa Sienta, Bvumbwe:
Ifenso a ma Sienta nkhani ya nambala ikutikhudza kwina. Galimoto yonyamula anthu pa malipiro imayenera kukhala ya nambala yofiira, ndi permit yake, COF yake ya miyezi 6 osati ya chaka ngati ya pulaiveti, dalaivala akhale ndi PrDP, chilolezo chija choyendetsera galimoto za malonda. Mabwana ambiri safuna zimenezo, amangotipatsa ya pulaiveti kuti ukakumana nawo uziti ndi achibale tikupita ku maliro. Wolipira chindapusa pamsewu ndi ine, wotukwanidwa ndi ine. Ndawauzapo abwana anga kangapo akuti ukafuna siya makiyi pali anyamata ambiri akufuna ntchito.

Achemwali a ku Limbe (kwathu ku Chonde):
Ndipo okwera sadziwa kuti galimoto ya pulaiveti ikachita ngozi itanyamula anthu olipira, nkhani ya chipukuta misozi imavuta kwambiri poti inshulansi yake sinadulidwire ntchito imeneyo. Ine ndikamapita kumudzi ndimayang'ana kaye mtundu wa nambala ndisanakwere, ngakhale ndichedwe pa siteji.

Alamu a ku Luchenza:
Tabwererani kwa alamu anga abale, nanazi zikuwola. Alamu, bambowo ankagwira esiteti iti ndipo kwawo ndi kuti? Musalembe dzina pano, nditumizireni kumbali. Anthu opuma ntchito mmaesiteti sasowa, amakhala ndi anzawo amene anatsala, ena amabwerabe kudzatsata za penshoni, komanso mpingo umene ankapemphera umapereka kalata yosamukira nde abusa kapena alembi a mpingo amadziwa kumene kalatayo inapita. Mlamu wanga wina ndi kapitawo wa otchola tiyi mbali ya ku Lujeri, akhoza kufunsa.

Bambo a Tadala, Chitakale:
Za mpingozo sindinaziganizire nkomwe alamu, zikomo. Ndakutumizirani. Kwawo ankati ndi ku Phalombe mbali ya ku Migowi koma mudzi sindikuudziwa. Chimene chikundiopsa nchakuti namondwe Freddy uja mu 2023 anasamutsa anthu ambiri mbali imeneyo, mwina sali pamene anali.

Makanika wa pa Nkando:
Pakadali pano madala musalembe nambala pa katoni kapena pa thabwa nkumayenda, ndaona anthu akupanga. Ndiponso musapite kwa osula ma nambala a mseri amene safunsa pepala. Za nanazizo, pali mnyamata wanga ali ndi ka 2 tani amapita ku Limbe Lachitatu ndi Loweruka ndipo nthawi zambiri popita amakhala ndi malo, mungogawana mafuta. Bola phindu lichepe kusiyana nkuti katundu awolere kumunda.

Make Chisomo, Thyolo boma:
Ndipo tsiku lopitalo mukawapeza, nyamulani zonse mu envelopu imodzi, chiphaso cha unzika chanu ndi chawo, makadi a traffic register onse awiri, pepala la galimoto, kalata yogulitsirana, lipoti la polisi lija, inshulansi, ndi mafotokope a chilichonse awiriawiri. Muwafunsiretu ngati kakhadi kawo akadali nako, akulu ambiri amataya poganiza kuti galimoto ndinagulitsa kale. Mukawatengere dzulo lake adzagone kwanu kuti mudzanyamukire limodzi mbandakucha, transport ndi chakudya chawo zikhale za inu. Akulu akulu amene agwira khasu moyo wawo wonse nthawi zina chala chimavuta kuwerengeka pa makina, nde musakonze zobwerera msanga.

Aphunzitsi opuma, Makwasa:
Ine ndalemba kale kalata yopempha kuti ntchitozi zizibwera pa boma, ndikufuna ndikaipereke ku khonsolo ndi kwa aphungu athu. Amene mukugwirizana nazo, a Mulanje ndi a Thyolo omwe, ndiuzeni kuti tisainire ambiri. A kabaza ndi a ma Sienta makamaka, poti ndinu ochuluka pamsewu.

Wa kabaza, Limbuli:
Tumizani aphunzitsi, ndikawerengera anzanga Loweruka lomwelo.

Dalaivala wa Sienta, Bvumbwe:
Ine ndisaina. Pa siteji pathu ndikhoza kuyendetsa pepalalo.

Alamu a ku Luchenza:
Alamu imbani foni msanga. Mlamu wanga uja wayankha, akuti bambowo ali moyo, anawaona pa maliro chaka chatha, akukhala kwa mwana wawo wamkazi amene ndi namwino mbali ya ku Phalombe komweko. Foni anataya nthawi ya madzi ija nchifukwa chake simumawapeza. Nambala ya mwanayo akuti aipeza madzulo ano kwa mzake wa kwaya.

Bambo a Tadala, Chitakale:
Ambuye alemekezeke. Alamu sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji, manja akunjenjemera polemba pano. Ndikangoilandira nambalayo ndiimba usiku womwe uno, ndipo akavomera ndipita ndekha pa minibasi kukawaona kaye ndi kankhuku mmanja, si bwino munthu wamkulu kungomuitanitsa pa foni patatha zaka zitatu. Amakanika, mnyamata wanu wa 2 tani uja muuzeni Loweruka ndili ndi nanazi pafupifupi theka la galimoto, tikakwezera ku Chitakale 4 koloko mmawa. Pikapuyo ndibweretsa bwanji pa galaja opanda nambala ya kutsogolo, kapena mubwera konkuno?

Makanika wa pa Nkando:
Ndibwera ndekha Lolemba ndi jeke ndi zida, isachoke pakhomo. Mugule mabawuti anayi a nambala okhala ndi ma nati ndi ma washer, yakumbuyo ija timangenso bwino isadzagwe nayo.